Kukonza Zolakwa m'Nkhani za Ophunzira Zisanasindikizidwe

Tauni ya Kabwe, imene akulu ena akali kuichula ndi dzina lace lakale la Broken Hill, ndi malo amene anthu ophunzira akhala akulemba za iwo kwa zaka zoposa 100. Analemba za mtovu ndi zinki zimene T. G. Davey anaziona m'miyala m'caka ca 1902. Analemba za cigaza ca munthu wakalekale cimene cinafukulidwa mu mgodi m'caka ca 1921. Analemba za makhalidwe a anthu a m'komboni, ndipo m'zaka zino alemba kwambiri za pfumbi la mtovu limene lilowa m'mwazi wa ana. Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma kulembako sikunaleke ai. Lero m'dera la Kabwe muli mayunivesite awiri a Boma: Kwame Nkrumah, imene inayamba m'caka ca 1967 monga sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ndi Mulungushi, imene inatsegulidwa m'caka ca 2008. Mphunzitsi wa pa yunivesite sakwezedwa pa nchito cifukwa ca kuphunzitsa kokha. Afunikanso kufufuza zinthu, ndi kulemba zimene wapeza m'magazini a ophunzira.

Nkhani ino ikamba za kanchito kamodzi kamene kadza pa mapeto peni peni pa ulendo wa zolemba zotere. Ndi kanchito ka masiku awiri okha, ndipo anthu akunja sakaona konse. Koma pamenepo ndi pamene ciwerengero coona cikhoza kusanduka cabodza.

Ulendo wace uyenda motere. Wophunzira akatha kufufuza, alemba nkhani yace naitumiza kwa mkonzi wa magazini. Mkonziyo aipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu odziwa za cinthu comweco, kuti aone ngati kafufuzidwe kace kali kolongosoka. Akatswiriwo akhoza kuikana, kapena kuibweza kuti mwini wace akonze zina, ndipo kubwezerana kumeneku kutenga miyezi yambiri, nthawi zina caka cathunthu. Nkhani ikabvomerezedwa icoka m'manja a ophunzira nilowa m'manja a osindikiza. Iwo aiika m'maonekedwe a magaziniyo: agawa masamba, akonza mizere ya ziwerengero, aika zithunzi ndi mapu m'malo mwace, nawongolanso Cingelezi pamene capindika. Atatero atumiza kwa mwini nkhani cisindikizo coyesera, cimene osindikiza acicha pulufu, kuti ayang'ane komariza ngati zonse zili monga analembera. Kaya ndi m'masiku akale, kaya ndi lero, lamulo lace ndi limodzi: cimene mwini nkhani wacilola pa pulufu, ndico cimene dziko lidzawerenga.

Anthu a pa mgodi adzakondwa kumva kuti kusindikiza kwakale kunali nchito ya mtovu. Zilembo zinali kuumbidwa ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina ziwiri zoulimbitsa, ndipo m'nyumba zazikulu zosindikizira munali makina ochedwa Linotype, amene anali ndi mphika wa mtovu wosungunuka pambali pace. Munthu akatayipa mau, makinawo anali kuumba mzere wathunthu kukhala kacitsulo kamodzi. Tsono cilembo cimodzi cikalakwika, panalibe njira yocizula cokha. Mzere wonse unali kuumbidwanso, ndipo pouumbanso colakwa cina catsopano cinali kukhoza kulowa. Mwini nkhani akaonjeza mau atatu pakati pa ndime, mizere yonse ya m'munsi mwace inali kusuntha. Ndico cifukwa cace osindikiza anali kulipiritsa olemba amene anasintha zambiri pa pulufu, ndipo mwambo wakuti pa pulufu munthu asalembenso nkhani yatsopano unacokera kumeneko.

Pulufu ya masiku amenewo inali mapepala aatali, ndipo inali kuyenda pa positi. Wolemba anali kuika zizindikiro ndi inki m'mphepete mwa pepala: cina cotanthauza kuti cotsani, cina cakuti lekanitsani mau awa, cina cakuti tembenuzani zilembo izi. Ngati wosindikiza ali ku England, mapepalawo anali kukwera sitima ya pamtunda kunka ku gombe, nakweranso ya pamadzi, ndipo kupita ndi kubwera kwace kunali kwa masabata ambiri. M'masiku otere ndi mmene Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anakhala ku Broken Hill m'zaka za 1939 ndi 1940, nafunsa anchito za malipiro ao, cakudya cao, maukwati ao, ndi kuti akhala zaka zingati osaona kumudzi. Zimene anapeza zinaturuka m'mabuku awiri aang'ono m'zaka za 1941 ndi 1942, ndipo ophunzira akali kuwawerenga kufikira lero. Ciwerengero ciri conse cimene cinalowa m'mabukuwo, colondola kapena colakwa, cakhala momwemo zaka zoposa 80.

Nkhani ya cigaza cija ionetsa cinthu cina. Cinapezedwa pa 17 June 1921, cinatumizidwa ku London, ndipo m'mwezi wa November caka comweco Arthur Smith Woodward analemba za ico m'magazini ya Nature, nacha mwini cigazaco Homo rhodesiensis. Mzungu wa ku Switzerland amene anali kuyang'anira pamalopo dzina lace lilembedwa mitundu iwiri, m'mabuku ena Zwigelaar ndi m'mabuku ena Zwiglaar, pakuti wolemba ali yense atsata buku limene anawerenga. Koma wanchito wacikuda amene anali kukumba naye pamodzi, dzina lace silinalembedwe konse. Colakwa coyambaco pulufu ikanatha kucikonza. Caciwirico pulufu sikanacikonza, pakuti pulufu ikonza zokhazo zimene zalembedwa kale.

Lero mtovu wosungunuka unacoka m'nyumba zosindikizira, ndipo pulufu siyendanso pa sitima. Makampani aakulu osindikiza magazini a ophunzira ali ndi zipangizo za pa intaneti zocitira nchitoyi. Kampani ya Elsevier igwiritsa nchito cochedwa Proof Central, ndipo ya Springer Nature ili ndi cochedwa e.Proofing. Maina asiyana, koma kagwiridwe kace kafanana. Nchito yeniyeni yoika nkhani m'masamba kawirikawiri icitikira ku India, m'mizinda monga Chennai, kumene kuli makampani amene nchito yao ndi yomweyo. Kotero nkhani yonena za dothi la ku Kasanda ikhoza kukonzedwa ndi munthu amene sanamvepo dzina la Kasanda cibadwire.

Tsiku lace likafika, mmodzi wa olemba nkhaniyo, amene anasankhidwa kukhala wolandira makalata, alandira imelo. M'menemo muli mzere woti adinepo, ndipo akadina, nkhani yace yonse itseguka pa kompyuta. Safunika kugula pulogalamu iri yonse. Akaona colakwa aika cala ca kompyuta pa liu lomwelo, nalifafaniza, nalemba loyenera, monga momwe munthu acitira polemba kalata. Cipangizoco sicitaya mau akalewo, koma ciwaonetsa odulidwa ndi mzere, ndipo atsopanowo ciwaonetsa ndi mtundu wina, kuti osindikiza aone bwino lomwe cimene casinthidwa. Pamene pali cinthu cimene wolemba sangathe kucikonza yekha, monga cithunzi coikidwa cozondoka kapena mapu osaoneka bwino, alemba kalangizo pambali pace, kapena atumiza cithunzi cina pomwepo. Apa pali phindu lenileni, pakuti kale wosindikiza anali kuwerenga dzanja la wolemba ndi kutayipanso yekha, ndipo zolakwa zambiri zinali kubadwira pomwepo.

Pambali pa nkhaniyo pali mndandanda wa mafunso ocokera kwa osindikiza. Afunsa ngati maina a olemba alembedwa bwino, ndi kuti dzina la munthu ndi liti, la makolo ndi liti. Afunsa cifukwa cace buku lakuti lachulidwa m'kati mwa nkhani koma silipezeka pa mndandanda wa kumapeto. Afunsa ngati ciganizo cimene iwo anawongola cikali kunena zimene mwini wace anafuna. Mafunso onsewo ayenera kuyankhidwa, ndipo kawirikawiri cipangizoco sicilola munthu kutumiza nchito yace ngati funso lina latsala. Funso la maina lisanyozedwe. Osindikiza a kunja sadziwa kuti pa maina awiri a munthu wa ku Zambia la makolo ndi liti, ndipo akawatembenuza, nkhaniyo idzalembedwa m'ndandanda za dziko lonse pansi pa dzina losayenera. Tsiku limene mphunzitsi uja apempha kukwezedwa pa nchito, ofufuza zolemba zace sadzaipeza.

Nthawi yopatsidwa ndi yocepa: magazini ambiri apempha kuti pulufu ibwezedwe pasanathe maola 48. Ndipo batani lotumizira lidinidwa kamodzi kokha. Munthu akhoza kusunga nchito yace, kutseka kompyuta, ndi kudzapitiriza mawa; koma akadina lotumiziralo khomo litsekeka, ndipo cimene waiwala waciiwala.

Tsono cimene munthu ayenera kuyang'anitsitsa koposa zonse ndico ziwerengero, ndipo nkhani za Kabwe zionetsa bwino cifukwa cace. M'caka ca 2015 magazini ya Chemosphere inaturutsa nkhani ya John Yabe wa pa Yunivesite ya Zambia ndi anzace, ena a iwo a pa Yunivesite ya Hokkaido ku Japan. Iwo anayesa mwazi wa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, napeza kuti pafupifupi onse anali ndi mtovu woposa muyeso umene madotolo ayambira kuda nkhawa. Mtovu wa m'mwazi uyesedwa ndi mamayikurogiramu pa desilita imodzi. Desilita ndi gawo limodzi la magawo 10 a lita, ndipo mayikurogiramu ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000 a giramu. M'caka cimeneco muyeso wodetsa nkhawa, monga anauika a bungwe la zaumoyo la CDC ku America, unali 5, ndipo m'caka ca 2021 anautsitsa kufika pa 3.5. Mwana akafika pa 45 madotolo aganizira zompatsa mankhwala ocotsa mtovu m'thupi. Mwana amene anali ndi wocuruka koposa mwa ana aja anali ndi 427.8.

Omvera aone kadontho kali pakati pa 7 ndi 8. Kakagwa, ciwerengero cikhala 4278. Kakasunthira kumanzere, cikhala 42.78, ndipo mwana amene anali pafupi ndi imfa aoneka ngati sanafike ndi pa muyeso wolandirira mankhwala pomwe. Palibe kompyuta imene ingadziwe kuti cenicenico ndi citi, pakuti zonse zitatu ndi ziwerengero zolembeka bwino. Wodziwa ndi yekhayo amene ali ndi buku la m'cipinda coyesera.

Palinso msampha wina umene osindikiza audziwa bwino. Mayikurogiramu alembedwa mwacidule ndi kacilembo ka Cigiriki, µ, kotsatana ndi g. Olemba ambiri apanga kacilemboko potayipa m wamba ndi kumsintha maonekedwe ace pa kompyuta. Nkhani ikasamutsidwa kucoka m'pulogalamu ina kulowa m'ina, maonekedwe aja nthawi zina abvuka, ndipo µ abwerera kukhala m. Pamenepo µg asanduka mg, ndiye kuti miligiramu, imene ili yaikulu kuposa inzace ka 1,000. Pa nkhani ya mwazi dotolo angazindikire msanga, pakuti munthu sangakhale moyo ndi mtovu wotere. Koma pa nkhani ya madzi a m'citsime, kapena ndiwo za m'dimba, kapena nkhuku zoweta pafupi ndi mulu wa zotsalira za mgodi, wowerenga sangazindikire konse. Adzakhulupirira zimene waona. Ndico cifukwa cace wolemba wocenjera afufuza kacilembo kameneka pali ponse pamene kapezeka, m'nkhani, pamwamba pa mizere ya ziwerengero, ndi pansi pa zithunzi.

Cizindikiro cina cotayika msanga ndi cija conena kuti kuonjeza kapena kucotsa, ±. M'caka ca 2020 Rainer Grün ndi anzace analemba m'magazini ya Nature kuti cigaza ca Broken Hill cili ndi zaka 299,000 ± 25,000, kutanthauza kuti zaka zace zili pakati pa 274,000 ndi 324,000. Kale ambiri anali kuciyesa ca zaka ngati 500,000. Kacizindikiro kameneko ndiko kasonyeza kudzicepetsa kwa ophunzira, kuti muyeso wao uli ndi malire. Kakatayika, kapena kakasanduka + yekha, nkhani inena cinthu cimene eni ace sananene.

Pa maina a malo, cipangizo cisokoneza kuposa kuthandiza. Kompyuta yophunzitsidwa Cingelezi iika mzere wofiira pansi pa Makululu, Bwacha ndi Katondo monga ngati ndi zolakwa, pamene dzina lolakwikadi ilidutsa cifukwa lafanana ndi liu la Cingelezi. Ndipo m'mizere ya ziwerengero, dzina limodzi likatsika mzere umodzi, ziwerengero za komboni ina zipatsidwa kwa ina. Anthu a m'komboni yoipitsidwa kwambiri aoneka ngati ali bwino, ndipo thandizo likadza lidzayambira kwina.

Zilipo zimene siziloledwa pa pulufu, ngakhale cipangizo cilola zala kutayipa ciri conse. Wolemba sayenera kusintha zimene anapeza, kapena kuonjeza ndime yatsopano, kapena kulowetsa dzina la mnzace amene sanali pa nkhaniyo poyamba, pakuti zonsezo sizinaonedwe ndi akatswiri aja. Zosintha zotere zibwezedwa kwa mkonzi kuti abvomereze, ndipo nkhani icedwa. Lamuloli ndi loyenera. Nkhani yolowa m'magazini ikhulupirika cifukwa inayesedwa ndi ena. Ngati munthu angaisinthe mwakacetecete atatha kuiyesa, kuyesako kulibe nchito.

Kwa wolemba wa ku Kabwe maola 48 aja sali ofanana ndi a mnzace wa ku Ulaya. M'caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse m'Zambia monse, ndipo cipangizo ca pa intaneti sicigwira nchito popanda magetsi ndi netiweki. Kuwerenga pulufu pa foni ya m'manja ndi kotheka, koma mizere ya ziwerengero siioneka yonse pamodzi pa kagalasi kakang'ono. Ndiponso nkhani zambiri zili ndi olemba ambiri okhala kutali. Nchito yochedwa KAMPAI, imene inayamba m'caka ca 2016 kufufuza za mtovu wa ku Kabwe, inaphatikiza ophunzira a ku Lusaka ndi a ku Sapporo, kumene dzuwa lituruka maola 7 patsogolo. Wolandira makalata ayenera kusonkhanitsa zokonza za onsewo asanadine batani lija, pakuti wotumiza ndi iye yekha.

Odziwa nchitoyi acita motere. Imelo ikangofika atenga kope la nkhaniyo, limene cipangizo cipereka monga PDF, nalisunga pa kompyuta kapena kulisindikiza pa pepala, natumizanso kwa anzao tsiku lomwelo. Awerenga pa pepala, ndi pensulo m'manja, ngakhale magetsi atazima. Pa ziwerengero atsata njira ya osindikiza akale: anthu awiri akhala pamodzi, wina awerenga mokweza kucokera m'zolemba zoyamba, kuchula kadontho kali konse, ndipo wina atsata ndi cala pa pulufu. Munthu amene analemba nkhani yekha ndiye wosakhoza kuona zolakwa zace, cifukwa maso ace awerenga zimene mtima udziwa kale, osati zimene zili pa pepala. Atatha zonsezo ndi pamene atsegula intaneti, nalowetsa zokonzazo nthawi imodzi. Ndipo ngati aona kuti nthawi siikwana, alemba kwa osindikiza msanga kupempha masiku ena. Pempho lotere kawirikawiri limveka, makamaka likafika nthawi isanathe.

Batani likadinidwa, nkhani ituruka pa intaneti patapita masiku owerengeka, ili ndi nambala yace yosasintha yochedwa DOI, imene anthu a m'maiko onse aipezera. Kucokera pamenepo siingakonzedwe mwakabisira. Colakwa cikapezeka, magazini iturutsa cidziwitso capadera cocilongosola, ndipo m'cidziwitsoco muonekera ngati analakwa ndi wolemba kapena wosindikiza. Bvuto ndi lakuti ambiri amene anatenga kale kope loyamba sadzaona cidziwitsoco, ndipo ciwerengero colakwa cipitirira kukopedwa m'nkhani za ena.

Wanchito wa pa mgodi angafunse kuti zonsezi zimkhudza bwanji iye. Ziwerengero za m'magazini amenewa sizikhala m'mayunivesite mokha. M'caka ca 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza Boma la Zambia kukonza malo oipitsidwa ndi migodi, ndipo Kabwe anali pakati pa nchitoyo, kuphatikizapo kuyesa ndi kuciza ana. M'mwezi wa October 2020 maloya anapereka mlandu ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'dzina la ana ndi akazi a ku Kabwe, kutsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene ikana kuti siili ndi mlandu. M'mwezi wa December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo odandaula anapempha kuti nkhaniyo ikaonedwe ku khoti lapamwamba. Pa milandu yotere maloya a mbali zonse ziwiri awerenga nkhani za ophunzira mzere ndi mzere, ndipo amene apeza µ atasanduka m, kapena ziwerengero za Chowa zitaikidwa pa mzere wa Makululu, adzaimirira nazo pamaso pa woweruza ndi kufunsa kuti nanga zina zonsezo akhulupirire bwanji.